Matayala Onenepa pa Galimoto ya Bambo

1. Miyendo ya udzudzu

Mzime anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pamene makiyi a galimoto ya bambo ake anagwera m'manja mwake. Kunyumba ankamuitana Mzime chifukwa anali wotsiriza kubadwa, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka kusiteji ya matakisi.

Makiyiwo sanawalandire chifukwa cha nzeru. Maso a bambo ake anali atachita ng'ala, onse awiri. Poyamba ankalephera kuwerenga zikwangwani za mumsewu. Kenako anayamba kupatsa moni mitengo ya magetsi. Tsiku lina anaimika galimoto pambali, natuluka, n'kunena kuti sadzagwiranso chiwongolero mpaka madokotala atawatsuka maso.

Galimotoyo inali yaing'ono, yoyera mothimbirira, ndipo injini yake inkalira ngati makina osokera. Koma ndi yomweyo imene inaphunzitsa ana anayi sukulu. Bambo ankaidziwa ngati mmene lilime limadziwira mano. Ikatsokomola m'mawa, iwo ali m'nyumba, ankanena ngati vuto ndi mapulagi kapena mafuta oipa.

Kusiteji kokha n'kumene galimotoyo inalibe ulemu. Matayala ake anali opyapyala, ndipo anyamata ankawatchula kuti miyendo ya udzudzu. Amene ankatsogolera kuseka anali Magalasi, mnyamata wamkulu pang'ono amene ankavala magalasi akuda ngakhale mvula ikugwa. Mzime akangofika, Magalasi ankayamba kudziomba m'makutu ngati akuthamangitsa udzudzu, siteji yonse n'kufa nalo phwete. Atsikana a kukoleji ankaidutsa galimotoyo ngati chitsa, n'kukakwera za marimu onyezimira.

Mzime ankaseka nawo, koma pobwerera kunyumba nkhope inkakhala yamakwinya.

2. Kusinthana

Sabata ina petulo anasowa m'tauni monse. Matakisi ambiri anangoimikidwa pansi pa mitengo, madalaivala n'kumasewera makadi pamabonati. Loweruka masana Magalasi anamukokera Mzime pambali, n'kumuuza kuti ali ndi mankhwala a manyazi ake.

Kuseri kwa nyumba ya Magalasi kunali matayala anayi atatsamiritsidwa kukhoma. Anali aatali, onenepa, a mano akuluakulu, ali kale pa marimu owala ngati siliva. Magalasi anati sakufuna ndalama. Ankangofuna timiyendo ta udzudzu tija, tonse tinayi pamodzi ndi sipeya.

Mzime sanafunse kuti munthu wanzeru angafunirenji zinthu zimene wakhala akuzinyoza. Anangosisita rimu imodzi ndi chala, n'kudziona nkhope mmenemo.

Anapakira awiri kumbuyo, awiri pampando, n'kupita kwa a Mpweya. A Mpweya anali mkulu wokonza matayala pakona ya msika, mnzawo wa bambo ake kuyambira kale. Dzinalo analipeza chifukwa aliyense wofika pamalo pawo, ngakhale wongopempha madzi akumwa, ankayamba amufunsa kuti matayala ake anapopa liti.

Atawaona matayalawo, a Mpweya anapukuta manja pa ovolosi, n'kutsegula chitseko cha dalaivala. Analoza kachitsulo kolembedwa manambala pamphuthu pa chitsekocho.

"Mwana wa mnzanga, werama uone," anatero. "Manambala awa sanawalembe munthu woledzera. Awa akunena saizi ya tayala limene injini iyi ingalikwanitse, awa akunena mpweya wake. Tayala lonenepa limagwira msewu malo aakulu, ndiye galimoto imayenda ngati ikukoka thumba la mchenga. Tanyamula rimu iyi. Wamva? Imodzi yokhayi ikulemera pafupifupi ngati marimu awiri a galimoto ya bambo ako. Ukanyamuka pamaloboti, injini iyenera kuzunguza kulemera konseko, ndipo sizunguza ndi mapemphero, izunguza ndi petulo. Komanso tayalali n'lalitali. Pachitunda pamene unkakwera ndi giya yachinayi udzakwera ndi yachiwiri, injini ikulira ngati mbuzi yapachingwe. Ona manowa. Awa ndi mano a m'matope, a galimoto za m'minda. Patala ntchito yake n'kuimba nyimbo ndi kudya mafuta basi. Iwe ukuona nsapato zokongola. Ine ndikuona mwana wavala jombo za msilikali, akufuna kuthamanga nazo."

Mzime anati galimoto zambiri kusiteji zili ndi matayala otero ndipo zikuyenda bwinobwino.

"Zikuyenda, inde. Uwafunse eni ake kuti thanki ikuwafikitsa pati. Sangakuuze, chifukwa nawonso ali ndi manyazi awo. Matayala amene ukufuna kutayawa anawasankha ndi bambo ako, ndili pomwepo. Anazungulira masitolo atatu kufuna a labala wosakakamira pamsewu, opulumutsa mafuta. Ine galimoto iyi ndaimanga matayala iwe uli kusukulu ya mkaka. Awa sindimanga. Ngati bambo ako avomera, abwere andiuze ndi pakamwa pawo."

Mzime anathokoza mwaulemu, koma ulemu wa pamilomo. Anabwerera kwa Magalasi, awiriwo n'kumanga okha ndi jeke yobwereka. Atatsitsa galimoto, anapeza kuti matayala akutsogolo akukhula madigadi akakhota. Magalasi anapinda chitsulocho ndi hamala, kenako anaphwetsako mpweya m'matayala onse anayi. Anati akatero amakhala pansi bwino, amaoneka onenepa kwambiri.

Madzulo amenewo Mzime anadutsa kusiteji pang'onopang'ono, mkono uli pawindo. Anyamata anaimba malikhweru. Palibe amene anadziomba m'makutu.

3. Malita khumi ndi atatu

Mayi ake ndi amene anayamba kuwaona matayalawo, akuyanika zovala. Anafunsa kuti galimoto yatupa miyendo bwanji. Mzime anati wamanga matayala olimba chifukwa cha ulendo wa Lachiwiri, ndipo anawapempha kuti asawauze bambo. Anati akufuna adzawaone okha ndi maso atsopano. Mayi anamwetulira, n'kunena kuti mwana wawo wayamba kuganiza ngati munthu wamkulu.

Ulendo wa Lachiwiriwo banja lonse linkaudikira kwa miyezi isanu ndi iwiri. Madokotala a maso ochokera kutali ankabwera tsiku limodzi lokha pachipatala china cha m'tauni ina, ndipo dzina la bambo linali pamndandanda. Kalata inanena momveka kuti wodwala afike isanakwane teni koloko, chifukwa pali mankhwala oyamba kudonthezera m'maso opaleshoni isanachitike.

Petulo wa ulendowo anamupeza ndi mayi. Anaima pamzere masiku awiri ndi chigubu, dzuwa likuwawotcha pamutu, mpaka mapazi anatupa osalowanso m'nsapato. Anabwera ndi malita khumi ndi atatu.

Bambo anachinyamula chigubucho, n'kuchigwedeza pafupi ndi khutu. Anati chipatalacho chili pa makilomita 180, ndipo galimoto yawo pamsewu wabwino imayenda makilomita 15 pa lita imodzi. Afika, ndipo atsalako pang'ono. Wobwerera akamupeza komweko, chifukwa anamva kuti kumeneko akupezeka. Mayi ananena za basi yam'mawa, koma bambo anakana. Anati munthu wongochitidwa kumene opaleshoni sangamapanikizane ndi matumba a anthu, ndipo galimoto yawo sinawanamizepo.

Mzime ankamva zonsezi ali chiimire pakhomo.

4. Ndi msewu

Ananyamuka kutangoyera. Mzime anakhotetsa galimoto kuti chitseko chifike pakhonde penipeni, bambo asayende mtunda. Mayi anakhala kumbuyo ndi chikwama cha zovala ndi kalata ya kuchipatala.

M'misewu ya fumbi ya m'dera lawo sikunamveke kanthu. Atangolowa patala, kunayamba phokoso lapansipansi, ngati njuchi zili m'mgolo. Bambo anapendeketsa mutu, n'kumvetsera kwa nthawi.

"Phokoso limenelo n'chiyani?"

"Ndi msewu, Bambo. Athira miyala yatsopano."

Patsogolo pang'ono panali depoti, ndipo basi yopita kutauni ya chipatala ija inali ikadali pomwepo, kondakitala akuitanira anthu otsiriza. Bambo anaizindikira ndi khutu.

"Mwanawe, galimotoyi ikulemera ndipo yatalika. Ndamva pokwera. Ngati pali chimene wasintha, nena pano tisanadutse depoti. Sindikukalipira. Titsika, tikwera basi."

Mayi anamuyang'ana Mzime kudzera pagalasi. Iye anayang'ana kutsogolo.

"Palibe chimene ndasintha, Bambo."

Anaidutsa depotiyo. Mayi anaweramitsa mutu, n'kuyamba kupindapinda ngodya ya kalata ija.

Atatuluka m'tauni msewu unayamba zitunda. Pachitunda choyamba galimoto inafooka pakati, Mzime n'kutsitsa giya. Inafookabe, anatsitsanso. Phazi lake linali litakanikiza mpaka pansi, koma malole odzaza ndi katundu ankawapitirira. Zala za bambo zinkangogogoda pabondo nthawi iliyonse giya ikasintha.

Kawiri konse bambo anafunsa kuti muvi wa mafuta uli pati. Ulendo woyamba Mzime anati uli bwino. Ulendo wachiwiri kanyali kofiira kanali katayaka kale, ndipo anati ukadalipo. Anadutsa malo awiri omwetsera mafuta. Onse anali atatchinga ndi zingwe, antchito atakhala pamipando ngati ali pamaliro. Basi ija inawapitirira ikuliza hutala.

Itangodutsa naini koloko, pakati pa minda yopanda nyumba, injini inatsokomola kawiri. Inagwedezeka, n'kuzima. Galimoto inayenderera pang'ono yokha, Mzime n'kuikhotetsera muudzu. Chikwangwani chimene chinali patsogolo pawo chinkati kutsala makilomita 23.

5. Manja a bambo

Bambo anatsegula chitseko okha. Mayi anafuna kuwagwira dzanja koma anakana. Anayenda chogwira galimoto mpaka kutayala lakutsogolo, n'kugwada pafumbi ndi buluku lawo lakutchalitchi.

Manja awo anayenda patayalapo pang'onopang'ono. Anayeza kunenepa kwake ndi chikhatho. Analowetsa zala m'mano ake. Analikanikiza m'mbali ndi chala chachikulu, n'kumva mmene linaliri lofewa. Anagwira rimu, kenako anapeza pamene hamala inapinda madigadi. Pamenepo dzanja linakhalitsa.

Anazungulira galimoto yonse chokwawa, tayala ndi tayala. Pomaliza anapempha kuti awatsegulire kumbuyo. Anapapasa malo a sipeya, n'kupeza dzenje lokhalokha.

Anakhala pansi, msana utatsamira galimoto. Polankhula mawu awo sanakwere.

"Ndayendetsa galimoto zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo mafuta sanandithereko panjira. Si kuti ndinali wolemera. Ndinkadziwa chimene ndili nacho ndi kumene chingandifikitse. Loweruka lililonse ndinkapima mpweya, iwe uli pambali panga ukudya switi. Ndinkakuuza kuti tayala lofewa ndi mbava imene imaba ukuiona. Lero wandimangira mbava zinayi, wazinenepetsa, waziphwetsanso mpweya kuti zibe bwino. Malita amene amako anawaimira masiku awiri wawamwetsa labala, kuti anzako akuimbire malikhweru. Zimenezo ndikanakhululuka. Unyamata ndi matenda, tonse tinadwalapo. Koma ndinakufunsa padepoti, basi ili pomwepo, injini ikulira. Ndinakufunsanso kawiri za muvi. Zikanakhala kuti ndikuona, sukanandiyankha choncho. Unandinamiza chifukwa sindiona. Mlendo akandibera chenje pamsika poti ndine wakhungu, ndimati ndi dziko. Sindinkadziwa kuti ndi m'nyumba mwanga momwe."

Mayi anayamba kulira. Anati iwonso ankadziwa za matayalawo, koma anauzidwa kuti ndi mphatso. Bambo anawayankha kuti asadzitengere mlandu wa mwini wake, mapazi awo avutika kale mokwanira.

Mzime anagwada, n'kuyamba kupepesa. Bambo anakweza dzanja.

"Imika galimoto iliyonse imene ikubwera. Kupepesa ulendo wake ndi wina."

Msewuwo unali wouma chifukwa cha kusowa kwa mafuta kuja. Galimoto ziwiri zinadutsa zitadzaza. Yachitatu sinaime n'komwe. Dzuwa linali litakwera ndithu pamene lole ya njerwa inaima. Dalaivala wake anati kutsogolo kuli malo a anthu awiri okha, ndiponso ayamba akatsitsa njerwa penapake.

Mzime anathandiza bambo ake kukwera. Iwo analola kugwiridwa mkono, koma nkhope analozetsa kwina.

6. Kudikira

Mzime anatsala yekha ndi galimoto. Foni yake inali itatha moto. Anakhala pamthunzi wa chikwangwani chija, mthunziwo ukasuntha nayenso n'kusuntha.

Masana kunadutsa bambo wina akuweta ng'ombe. Anaima, n'kuizungulira galimotoyo mosirira. Anati sanaonepo kagalimoto kakang'ono kovala bwino chotero, mwini wake ayenera kuti ndi bwana.

Basi iliyonse yochokera kutauni ija ikatulukira, ankaimirira n'kumayang'ana m'mawindo. Ankafuna kuona chinthu chimodzi chokha, bandeji yoyera pa diso la bambo ake. Anali atamva kuti ochitidwa opaleshoni amatuluka ataphimbidwa diso limodzi, n'kukalitsegula m'mawa mwake. Kapena madokotala anachedwanso. Kapena mzere unali wautali.

Cha m'ma folo koloko minibasi ina inaima tsidya la msewu. Anayamba kutsika ndi mayi, atanyamula kachigubu ka petulo. Kenako anatembenuka n'kutsitsa bambo.

Pankhope pa bambo panalibe kanthu. Maso onse awiri anali pamtunda, otuwa ngati mmene analiri m'mawa.

Mayi ndi amene anafotokoza, uku Mzime akuthira petulo m'thanki. Lole ija inakawatsitsa itadutsa wani koloko. Namwino anawalandira bwino, koma anati dzina la bambo linaitanidwa katatu, ndipo malo awo anapatsidwa kwa munthu wina amene ankadikira panja kuyambira mbandakucha. Mayi anagwada pakhonde la chipatala kuchonderera. Dokotala wamkulu anatuluka yekha n'kuwadzutsa, koma anati magalasi oika m'maso amene anabwera nawo atha, ndipo zipangizo akupakira kale. Pakhondepo panali patakhala anthu ambirimbiri a mabandeji oyera, akuseka ndi abale awo. Bambo anangoima pakati pawo, chipewa chili m'manja.

Namwinoyo anawalembera kapepala. Madokotalawo akachitanso opaleshoni Lachisanu pachipatala china, mtunda wowirikiza kawiri, ndipo akachoka kumeneko abwerera kwawo mpaka chaka chamawa. Sanalonjeze kanthu. Anangoti akafika m'mawa kwambiri mwina akawaganizira.

Petulo wina anatayikira pansapato za Mzime. Bambo anamva fungo.

"Wotsalayo usamwetsenso dothi," anatero. "Ndi wongotifikitsa pamalo ogulitsa amene ali patsogolopa. Ndipo tamvera. Lachisanu ndikwera galimoto yanga, pa matayala anga asanu, omangidwa ndi a Mpweya. Uli ndi mawa ndi mkuja. Amene unamupatsa matayalawo, muimbire pompano ndikumva."

Mayi anatulutsa foni yawo m'chikwama. Mzime ankaidziwa pamtima nambala ya Magalasi. Inaitana nthawi yaitali, ndipo atatsala pang'ono kudula, wina anayankha. Sanali Magalasi. Anali mawu a munthu wamkulu, odekha, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka anthu akulankhula m'chipinda chachikulu.

Munthuyo anafunsa kuti akulankhula ndi ndani. Mzime atatchula dzina lake, anamva pepala likutembenuzidwa.

"Wachita bwino kuimba wekha, mnyamata. Kuno ndi kupolisi. Mwini foniyi tili naye kuyambira m'mawa. Pali galimoto ya pafamu ina imene inapezeka itakhala pa njerwa sabata yatha, matayala onse anayi atamasulidwa. Mnzakoyu akuti matayalawo ali kwa iwe. Uli kuti panopa?"

Mzime anayang'ana marimu aja. Anali atachita fumbi, koma ankawalabe ndi dzuwa lamadzulo.

Bambo ake anali atatembenuzira kale khutu kwa iye.

"Akuti chiyani?" anafunsa.